Galimoto Imene Anapita Nayo Alamu

Mayi a Mapasa amasoka zovala pakhonde la sitolo ya nsapato, makina awo atayang'ana kumsewu. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ochepa, woti akakuyezani m'chiuno kamodzi sabwerezanso. Ambiri amawadziwa chifukwa cha madiresi a ukwati ndi mayunifolomu a sukulu, koma amene anakhala nawo pafupi amawadziwa ndi nkhani ya galimoto imene ana awo ankaitcha Buledi.

Dzinalo linabwera chifukwa cha kaonekedwe. Inali galimoto ya banja, yoyera, yopanda mphuno kutsogolo, ngati buledi wosadula. Injini yake inali pansi pa mipando ya kutsogolo, moti pothira oyilo unkayamba wadzutsa munthu n'kutukula mpando. M'nyengo yozizira mapasa aja, mnyamata ndi mtsikana, ankalimbirana kukhala pamenepo poti pankafunda. Magiya anali pachiwongolero. Chitseko cha kumbuyo chinali chimodzi, chokoka, ndipo mipando inali mizere itatu yokwana anthu asanu ndi awiri. Sinali yothamanga, koma pachitunda inkakwera ngati bulu, osadandaula.

Amuna awo, omwe anali okonza mipope, anaigula itagwirako kale ntchito kwa eni ake awiri. Ndi iwo anaphunzitsa akazi awo kuyendetsa pabwalo la mpira, akuseka mpaka misozi nthawi imene mayiwo anakagunda goli akubwerera m'mbuyo. Mayi a Mapasa anasokera mipando yonse zophimba za nsalu zotsala, chigamba chofiira apa, chamaluwa apo. M'mawa inkanyamula ana, masana mapaipi, Loweruka mipukutu ya nsalu.

Bambo aja anadwala sabata imodzi yokha n'kumwalira. Pamaliro, mkulu wawo wa malemuwo, munthu wa mimba yaikulu amene ankagulitsa chilichonse chimene wachipeza, anabwera ndi nkhope yachisoni.

"Mlamu, bweretsani makiyi, ndizinyamulira anthu obwera kudzalira."

Anamupatsa. Maliro anatha, alendo anabalalika, koma Buledi sanabwerere.

Patapita mwezi Mayi a Mapasa anapita kunyumba kwa mlamu wawoyo. Chimene anayamba kuona pakhonde ndi mpando wa kumbuyo wa Buledi, utazulidwa, nsalu ya maluwa ija ikadalipo, galu atagonapo. M'galimoto anali atakhomeramo mabenchi a matabwa kuti muzilowa anthu ambiri. Mlamu anali atayamba kunyamula anthu kuchokera kumsika kupita kumafakitale.

"Alamu, ndabwerera galimoto. Ana akuvutika popita kusukulu."

Mlamu anaseka, akutokosa m'mano. "Galimoto iti? Iyi ndi ya mng'ono wanga, magazi anga. Inu munangokwatiwa. Komanso mkazi ndi galimoto wapi na wapi? Kasokeni madiresi."

Mayi a Mapasa anayang'ana galu uja nthawi yaitali, n'kutembenuka. Atakadandaula kwa achibale, onse anati nkhani za pabanja sizifuna phokoso, angozisiya. Anazisiyadi pakamwa. Koma tsiku lililonse Buledi ankadutsa kutsogolo kwa khonde lawo atadzaza mpaka kupendekera, ndipo tsiku lina la mvula anawathira matope mapasa akuchokera kusukulu wapansi. Mtsikana anafika akulira, yunifolomu ili bii. Mayiwo anaichapa okha, akuifinya ngati akupotokola khosi la munthu.

Mwayi unabwera ndi makaniko amene ankakonza Buledi kuyambira kale, amene aliyense ankamutcha Sipanala. Anabweretsa ovololo yong'ambika pabondo, ndipo poyembekezera anayamba kucheza.

"Amayi, mwamva? Magalimoto aja a mtundu wa Buledi anasiya kupanga. Oyamba anali a nyali zozungulira, kenako anatulutsa a nyali za makona ngati wanu uja, basi pathera pomwepo. Akuti alibe mphuno, ukagunda chinthu mawondo ako ndiwo bampala. Atsopanowa injini ili kutsogolo. Masipeya ake nawonso sakubweranso."

Makina a Mayi a Mapasa anaima. "Ndiye ikawonongeka?"

"Zina timalumikiza za magalimoto ena. Koma pampu ya madzi ndi yayokha, ina silowa ngakhale muipemphere. Ndipo ya Buledi ndaimva dzulo ikulira ngati mwana wa mphaka. Alamu anu aja saisamala, amangodziwa kuponda."

"Zotsala zingapezeke kuti?"

"Kumanda a magalimoto basi. Ndipo m'tauni muno akufa a mtundu umenewo ndi owerengeka."

Loweruka lotsatira Mayi a Mapasa sanatsegule makina. Anatenga chikwama cha nsalu n'kuyamba kuyenda m'malo onse ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Ankalowa pakati pa zigoba za dzimbiri, udzu ukuwafika m'chiuno, mpaka atapeza galimoto yopanda mphuno. Akaipeza ankaloza: pampu, timawilo ta chitseko chokoka, waya wa magiya, mapaipi a ladiyeta. Kwina ankagula, kwina ankasinthanitsa ndi maovololo osoka okha. Eni malowo ankaseka kuti mayi wa tepi m'khosi akufuna kumanga ndege. Miyezi ingapo itatha, pansi pa bedi lawo panali matumba odzaza zitsulo, ndipo chipinda chonse chinkanunkha oyilo.

"Amayi, kodi tikugona m'galaja?" anafunsa mwana wamkazi.

"Tsegula windo," anayankha.

Buledi anafera pachitunda cha kumafakitale dzuwa lili paliwombo. Nthunzi inatuluka pansi pa mpando n'kumuwotcha mlamu kumatako, moti analumpha panja akukuwa, anthu ali m'galimoto akumutukwana kuti awachedwetsa kuntchito. Anazungulira masitolo onse a masipeya, osapeza kanthu. Kumanda a magalimoto yankho linali limodzi kulikonse: "Mwachedwa bwana, anatenga mayi wina wamfupi, wosoka."

Anafika pakhonde paja akuyenda motang'aza. Anapeza Mayi a Mapasa akudula nsalu ya diresi, ndipo pakona ya tebulo, pamwamba pa nsaluyo, panali pampu ya madzi yopukutidwa bwino, ikuwala.

"Mlamu, mwaswera bwanji?" anatero bamboyo, mawu ali ofewa ngati a mlaliki.

"Ndaswera. Mwabwera kudzayezetsa thalauza? Ndamva kuti ina inapsa."

Wogulitsa nsapato anabisa nkhope kuseri kwa katoni. Mlamu analoza patebulo. "Chitsulo icho ndikuchifuna."

"Ichi? N'chopsinjira nsalu. Pano mphepo imavuta."

"Tisachite zachibwana, mlamu. Ndife banja limodzi. Galimoto ikadzuka, Lamlungu muziitenga inu."

Mayi a Mapasa anaika sizasi pansi n'kumuyang'ana m'maso koyamba chimwalirire amuna awo. "Ine ndinangokwatiwa, alamu. Za magalimoto ndizidziwira kuti? Galu wanu akugonabe bwino pampando paja?"

Mlamu anachoka akutukwana, ndipo mayiwo anapitiriza kudula ndi chisangalalo mpaka anakhotetsa mkono wa diresi.

Mlamu sanagonje. Anapeza wowotcherera wina amene anamatiza pampu ya galimoto ina. Buledi anayenda masiku ochepa, kenako injini inapsa yonse, osadzukanso. Anakhala pabwalo la mlamu mvula yonse, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mabenchi. Sipanala anabwera kudzanena kuti akanatha kuidzutsa ngati mayiwo akanapempha mlamu kuti aibweze. Iwo anakana kupempha chinthu chawo chomwe. Mlamu nayenso anakana kuibweza, ndipo pofuna kuwapweteka anaigulitsa kwa odula zitsulo, n'kutuma mkazi wake kudzawauza tsiku lake.

Mayi a Mapasa anapita kukaonerera. Anaima patali, chikwama chili m'khwapa, amuna awiri akudula denga ndi moto wa gasi. Atatukula mpando wa kutsogolo, pomwe amuna awo ankakhala, mtima unawapweteka ngati wabayidwa ndi singano ya makina. Sanalire pamenepo. Anakalirira kubafa kunyumba, mpope atautsegula kuti ana asamve.

Mwana wamwamuna anawadikira pakhomo. "Ndiye mwapindulanji, amayi? Galimoto ya ababa yapita."

"Sindinkafuna kupindula," anatero akupukuta kumaso. "Ndinkafuna iye asadyerepo."

Chaka chotsatira m'tauni munabwera dalaivala wina wochokera kutali, ali ndi galimoto ya mtundu womwewo, yabuluu, ya nyali zozungulira, n'kuyamba kunyamula anthu pamsewu wa kumafakitale umene mlamu anausiya. Mayi a Mapasa anamuitanitsa, n'kumutulutsira matumba onse a pansi pa bedi. Munthuyo anagwira pakamwa.

"Amayi, zonsezi ndingakwanitse ine?"

"Tengani ulere. Koma pali nyumba ina ya geti lobiriwira pafupi ndi mlatho. M'mawa uliwonse mukamadutsa, muziima pang'ono, muziliza hutala mpaka mwini wake atuluke."

Dalaivalayo ndi munthu wosunga pangano. Mlamu, amene tsopano amagulitsa matayala akale pamphambano, anakadandaula kwa achibale kuti sakugona tulo ta m'mawa. Achibale atabwera pakhonde kudzawanyengerera, Mayi a Mapasa anawapatsa mipando, n'kuwauza kuti iwo galimoto alibe, hutala alibe, ndipo ali ndi mayunifolomu ofunika kumaliza sukulu zisanatsegulidwe.