Kope Limene Tinasuta

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinasuta kope la amalume anga. Mwawerenga bwino, sindinati ndinaba kapena ndinataya. Ndinasuta, ndi anzanga awiri, kuseri kwa chulu.

Wandikumbutsa zimenezi ndi mzungu wina woyandikana nafe kuno ku Hyattsville, kutsidya kwa nyanja, kumene ndikudyera ukalamba kwa mwana wanga, nesi wosaoneka pakhomo. Loweruka lina ndikuchokera kokwerera sitima, mkuluyu anandikodola kuti ndilowe mu galaja yake, nandionetsa momwe amathirira wonga m'makoko a zipolopolo zimene anawombera kale. Zitsulo zake zonyezimira sizinandidabwitse. Chinandigwira mtima ndi makadi ake: bokosi lililonse la zipolopolo lili ndi kadi yake, ndipo makadi ena ngokhwatchidwa ndi inki yofiira koma osatayidwa. Ndinaseka mpaka mzungu kuyamba kundiyang'ana ngati ndadwala. Chingerezi changa cha Sitandade 5 sichikanatha kumufotokozera, ndiye lekani ndifotokozere inu.

Amalume anga, a Dzonzi, ndi okhawo amene anali ndi mfuti ya laisensi kudera kwathu kumapiri a Ntchisi. Ntchito yake inali imodzi: kuthamangitsa anyani ndi nguluwe m'minda. Zipolopolo zatsopano zinkasowa, choncho akawombera ankatola makoko aja n'kukawadzazanso. Vuto linali wonga. Chitini chilichonse chimene ankachipeza chinali ndi mtima wakewake, wina waulesi, wina wolusa, koma pamaso onse ofanana. Dzanja lawo lamanzere linali ndi zala zitatu zokha, ndipo ife ana tinkadziwa kuti zinazo sizinadyedwe ndi mbuzi.

Anali ndi kope lakudalakuda, lonunkha mafuta a mfuti ndi thukuta. Asanadzaze khoko ankalemba mzere umodzi: chitini chakutichakuti, muyezo wakuti, mtovu wakuti. Akakawombera mfuti n'kulankhula bwino, mzerewo ankausiya. Ikawamenya phewa mopitirira, kapena khoko likang'ambika, ankaukhwatcha ndi pensulo yofiira imene inkakhala kukhutu kwawo. Panalibenso mawu ena. Zilembo zake zinali ngati nkhuku yapalasa pamchenga.

Chaka chimenecho ine ndinali nditalandira kope latsopano kusukulu, mphoto ya kulemba mokongola. Musandifunse za masamu. Aphunzitsi athu ankabwereza tsiku ndi tsiku kuti ntchito yaukhondo siikhala ndi zokhwatchakhwatcha, ndipo ndodo yawo inkavomereza. Ndiye tsiku lina amalume atapita kumaliro kutsidya, ndinati ndiwachitire chifundo. Ndinatenga kope lawo patsindwi, n'kukopera mzere ndi mzere m'kope langa, manambala oongoka ngati asilikali. Sindinasiye mzere ngakhale umodzi. Yokhwatchidwa yomwe ndinaikopera, ndinangosiya zokhwatcha zofiira zija basi, poti zinali uve.

Kope lakale lija linatsala lopanda ntchito, ndipo pepala lake linali lofewa bwino. Anzanga anali ndi fodya wa chingambwe amene anatapa kwa abambo awo. Tinapichira, tinasuta, tinatsokomola mpaka misozi, kenako tinasanza. Zotsala tinakolezera moto wowotchera mbewa.

Chimanga chinali chitayamba kukhwima pamene amalume anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi zitini zawo, nandituma kukatenga kope. Ndinabwera nalo latsopano lija, ndikuyenda monyang'wa, kuyembekezera kuti mwina mpaka andigulira sikono. Anatsegula. Anayendetsa chala pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Pa tsamba lachitatu chala chinaima.

“Mphwanga, walemba ndiwe?”

“Ndine, amalume. Ndakukonzerani.”

“Lakale lili kuti?”

Ndinayang'ana kumwamba ngati lagwera kumeneko. Iwo anandinunkhiza ndi maso okha, kenako anakweza dzanja la zala zitatu lija n'kuliika pambali pa mzerewo.

“Ukuuona uwu? Uwu ndi umene unadya zala zanga. Ndinaukhwatcha katatu. Iwe wausambitsa, wauveka suti, waukhazika kutsogolo ngati mkulu wa mpingo.”

Ndinati, “Ndiye mungoukhwatchanso, amalume.”

“Uwu ndikuudziwa poti ndimagona nawo. Nanga anzake? Alipo angati muno? Undilozere.”

Sindinathe kuloza ngakhale umodzi. Onse anali okongola mofanana.

Ndinadikira mbama, siinabwere. Anatseka zitini, anapukuta mfuti, naikoloweka. Anati sadzazanso khoko ngakhale limodzi mongoganizira, ayambiranso pa muyezo wochepetsetsa, chitini ndi chitini. Akazi awo anadandaula kuti anyani sadikira sukulu ya munthu, anthu a minda yoyandikana nawo anabwera kudzapempha kuti angowombako kamodzi kowopseza. Amalume anangopukusa mutu, nandiloza ine.

“Mfuti yanu ndi iyo. Muipatse chidebe ndi ndodo.”

Milungu itatu ndinakhala pa nsanja kumunda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikumenya chidebe ndi kukuwa mpaka mawu kutha. Abale anga, nyani amadziwa mwana. Panali chinyani chimodzi chachikulu, chaimvi kumsana, chimene chinkakhala pa chulu n'kumasenda chimanga chikundiyang'ana m'maso, ngati ndine wailesi yoti chizimvera chikudya. Cha kuphiri uko ndinkamva phokoso kamodzikamodzi: amalume atamangirira mfuti ku mtengo, iwo atabisala kuseri kwa mwala, akukoka ndi chingwe. Wonga umene ukanateteza munda unkathera mu mtengo wouma.

Mbali yonse ya kumunsi kwa munda inapita. Chaka chimenecho nkhokwe inatha Khirisimasi isanafike, ndipo tinadya gaga. Mayi anga atafunsa chimene chinachitika, amalume anati wonga unali wokayikitsa. Za ine sananene, mpaka kumanda. Anangogula kope lina, n'kumandiuza zolemba, ndipo mfuti ikakana mzere, ankachotsa pensulo yofiira kukhutu kwawo n'kundipatsa.

“Khwatcha, koma manambala azioneka. Amene sanakuphe akufuna kudzayesanso.”

Adzukulu anga kuno akalakwitsa pa kompyuta amangodina, zonse mbee. Ndikawauza nkhaniyi amati, “Grandpa, you smoked a book?” n'kuthawira kukauza mayi awo. Apo pokha m'pamene amamva.

Ine ndinamva mochedwa kuti amalume sankasunga kope kuti azikumbukira zimene amadziwa. Zabwino munthu saiwala, mtima umaziimba wokha. Ankalisungira zimene mtima umafuna kuiwala, ndipo analolera kudya gaga kusiyana n'kunamizira kudziwa. Ine ndinaphunzira theka lake, monga mwa chizolowezi changa. Pa za wonga ndilibe mlandu, zala zanga n'zokwana khumi. Koma ndinakwatira katatu, abale anga, katatu konse m'mudzi umodzi, cholakwa chake chomwechomwecho, poti panalibe wondibwereka pensulo yofiira.