Juzi ya Agwape

Fungo la sopo wa ufa ndi nthunzi ya nsimbi zikandipeza paliponse, ngakhale m'chikepe cha kuntchito, ndimangoona a Naphiri. Ndimawaona m'kachipinda kawo kopanda zenera kuseri kwa khitchini, atamanga duku lofiira, akusita malaya a abwana uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, makina ochapira akulira pambali pawo ngati akufuna kuthawa. Tinkakhala ku Dubai, dera la Al Furjan, m'fulati ya pansanja yachitatu. Amayi anga anali namwino, abambo ankaphika ku hotela. Khomo loyang'anana ndi lathu linali la banja la azungu ochokera ku Norway, ndipo a Naphiri, mayi wa ku Dedza wa imvi zongoyamba kumene, ankagwira ntchito m'nyumbamo, kulera kamwana kawo kakakazi dzina lake Liv, kukolopa ndi kuchapa.

Kuchapako ndiye kunali pamtima pawo, abale! Kwa iwo chovala chimene sichinalawe madzi otentha chinali chisanachapidwe. "Litsiro silimva kunyengerera, Tadala," ankatero. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkathera kwa iwo. Chingelezi chawo chinali chongokwana kugulira buledi, ndiye nkhani ikatalika ankandiitana kuti ndidzamasulire.

Chaka chimenecho madamu, mayi ake a Liv, anataya mayi awo. Pochokera ku maliro anabwera ndi juzi imodzi, yoyera ndi yabuluu, ya ubweya wa nkhosa, yolemera ngati bulangete. Pachifuwa panali mzere wa agwape a nyanga zanthambi, m'mikono muli nyenyezi. Malemuwo analuka okha ndi manja awo ndipo ankaivala nyengo yozizira iliyonse. Madamu ankaisunga m'pepala la pulasitiki pansi pa wodiropu. Masana ena a Naphiri ankawapeza atakhala pabedi, nkhope ataikwirira m'juzimo, mapewa akugwedezeka.

"Mwana wa eni ake akutha uyu," anauza amayi anga tsiku lina ine ndikumva. "Chovala cha malemu chosachapa, m'nyumba? Kwathu maliro akatha timachapa zonse, kenako n'kugawana. Nanga mtima ukhala pansi bwanji?"

"Asiyeni, a Naphiri," anatero amayi. "Aliyense ali ndi maliridwe ake."

Patapita milungu ingapo banja lija linapita kukapuma ku Oman kwa masiku asanu, kuti lidzabwere Loweruka masana. Lachitatu ndikuchokera kusukulu ndinagogoda monga mwa masiku onse. A Naphiri anatsegula alibe duku kumutu. Ndinali ndisanawaonepo opanda duku.

"Lowa. Tseka chitseko."

Pathebulo losita panali kajuzi. Ndikuti kajuzi, kongokwana kamwana kakang'ono, kolimba ngati chiguduli chopondera pakhomo. Agwape aja anali atapanikizana, nyanga zitalowana. Ndinazindikira mochedwa chimene ndinkaona.

"Ndinangoiviika m'madzi otentha, kenako m'makina, monga ndichitira zonse," anatero. "Ndimati akabwera aipeze yoyera, mtima wawo upepuke. Chifundo chinapha nkhwali, Tadala. Gwira uko, tikoke."

Tinakoka, iwo mkono uwu ine mkono uwo, mpaka zala kuwawa. Tinainyowetsanso, tinakokanso, tinaipachika itanyamula mabotolo a madzi. Sinatalike ngakhale ndi chala chimodzi. Ndiye pakamwa pangapa, pamene amayi amati padzandipha, panatulutsa chimene ndinkadziwa.

"Anti, madamu ankainunkhiza. Ndinawamva akuuza Liv kuti muli fungo la agogo ake. N'chifukwa ankaisunga m'pulasitiki, kuti fungolo lisathawe."

A Naphiri anandiyang'ana, kenako anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi pa simenti, atatsamira makina ochapira aja.

"Mayo ine! Ndachapa fungo la mayi wa munthu."

Ndinkadziwa chimene ankaopa, chifukwa mwana aliyense wokulira kuno amachidziwa. Ntchito ya m'nyumba ikatha, viza imatha nayo, khalasi, basi zatha, ukwere ndege. Ndipo a Naphiri anali ndi mwana wawo Esitere ku Malawi, ali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino, ndipo zonse za sukuluyo zinkachokera m'manja ochapawo. Chithunzi cha Esitere atavala yunifolomu chinali chomata pakhoma pamwamba pa bedi lawo. Tsiku limenelo ankachipewa ndi maso.

Lachinayi anandidikira pakhomo, maso atafiira. Anali atakumbukira kanthu. Miyezi ingapo m'mbuyomo anaperekeza banjalo ku paki ina ya zisangalalo kunja kwa mzinda, ndipo mbali ina ya pakiyo anaimanga ngati kwawo kwa madamu, ndi chipale chofewa chabodza ndi mabwato a mitu ya zilombo. Potulukira panali shopu. "Majuzi omwewa, Tadala, agwape omwewa, ali mbwee! Ndinawaona ndi maso angawa." Amayi anga atamva anapukusa mutu nthawi yaitali. "Pita ukawamasulire," anandiuza. "Koma a Naphiri, madzi akatayika saoleka."

Tinapita Lachisanu m'mawa, pa basi kenako pa takisi. Dzuwa la mwezi wa Meyi linali litapsa kale, phula likununkha, ndipo ife tinali paulendo wokagula juzi! Njira yonse a Naphiri anakumbatira chikwama chawo, m'mene munali kajuzi kaja, milomo ikuyenda osatulutsa mawu. Titafika pageti ndinawerenga mtengo wa tiketi pachikwangwani ndi kuwauza. Kulowa tonse awiri kukanadya ndalama ya juzi yomwe. M'kati anthu ankakuwa m'masitima othamanga m'mwamba, ife tili chiimire padzuwa, thukuta lili kamukamu.

"Ambuye, mwandifikitsa pakhomo kuti mundibweze?" anatero a Naphiri mokweza.

Mlonda wina wovala yunifolomu, amene anaima chapafupi, anatembenuka. "Iye, amai, ndimwe ba ku Malawi? Mufuna chani?" Anali wa ku Zambia. Nditamufotokozera kuti tikufuna shopu chabe, anaseka. "Osavutika na tiketi. Shopu ili na chitseko cha panja, uko kwamene bachokera banthu. Aliyense angena. Yalla, pitani!" A Naphiri anamuwombera m'manja atapinda maondo, mlondayo mpaka kuchita manyazi.

M'shopumo munali mozizira ngati m'firiji. Munali zipewa za nyanga, zidole za mphuno zazitali ndi tsitsi loimirira, masokosi okhuthala, ndipo kanyimbo ka mabelu kankangobwerezabwereza. Majuzi analipodi, ataunjikidwa mpaka kudenga. Koma ena anali ofiira, ena obiriwira, ena agwape ake a mphuno zofiira ngati akudwala chimfine. Tinafufuza mulu ndi mulu, wogulitsa akutiyang'ana chifukwa tinkasokoneza zopinda zake. Pansi penipeni ndinapeza yoyera ndi yabuluu.

"Anti, iyi!"

Tinabisala kuseri kwa zipewa za nyanga, a Naphiri n'kutulutsa kajuzi kaja kuti tifanizire. Mtundu unali womwewo. Nyenyezi zinali zomwezo. Ndinayamba kupuma. Kenako ndinaona kuti pa kajuzi ka malemu gwape wachitatu kuchokera kumanzere anali ndi miyendo itatu. Gogo uja anaphonya poluka ndipo sanamasule. Agwape a m'shopu onse anali ndi miyendo inayi, ofanana ngati asilikali.

"Mwina sanawerengepo miyendo," ndinanong'ona.

A Naphiri anatenga juzi yatsopanoyo, n'kukwirira nkhope yawo m'menemo monga ankachitira madamu, n'kukoka mpweya.

"Ikununkha katoni," anatero.

Komabe anagula. Wogulitsa uja, popinda, anafunsa momwetulira ngati tikupita kudziko lozizira. Ndinamasulira. "Muuze kuti inshallah, Mulungu akalola, sitikupita kulikonse," anatero a Naphiri akutulutsa ndalama m'kachikwama. M'basi pobwerera ndinadula ulusi wa lebulo ya paki ndi mano, pang'onopang'ono, kuti pasatsale chizindikiro. Titafika tinaipinda, kuiika m'pulasitiki muja, kuibweza pansi pa wodiropu. Kajuzi kaja anakabisa pansi pa matiresi awo. Ine ndinapita kwathu ndikudziona ngati katswiri.

Loweruka chakumasana anadzandiitana. Nditalowa ndinapeza majuzi onse awiri ali pathebulo lodyera, yaikulu ndi yaing'ono, atayalidwa bwinobwino.

"Anti, mwatani? Akubwera pompano!"

"Ndayesa kupemphera m'mawa uno, mawu akukanira pakhosi," anatero akumanga duku. "Fungo ndamulanda kale. Ndiye ndimusiyenso azilirira chovala cha m'shopu, azichipsompsona ngati mayi ake? Ayi. Zimenezo sindingathe."

"Nanga Esitere?"

Anatseka maso. "Usanditchulire Esitere pano. Ima apa."

Tinamva chikepe chikulira, kenako mateyala a masutikesi m'khonde, kenako kiyi. Liv anathamangira m'miyendo ya a Naphiri. Madamu analowa akuseka, khungu litafiira ndi dzuwa, ndipo kusekako kunathera pathebulo paja. Abwana anaima pakhomo ndi masutikesi osawatula.

A Naphiri anagwada. Anayamba kufotokoza m'Chichewa, ine ndikutembenuza. Atafika pa madzi otentha ndinaganiza zowapulumutsa, ndinayamba kunena kuti makina ndi amene analakwitsa. Anandigwira mwendo.

"Unene zimene ndikunena ine, osathira mchere. Chingelezi sindichitha, koma bodza ndimalimva."

Ndinanena zonse. Madamu ananyamula kajuzi kaja ndi manja awiri, n'kukaika pamphuno. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri, katatu, akusaka. Atachotsa nkhope, maso awo sindidzawaiwala.

"Anakuuzani ndani kuti muikhudze?" Mawuwo anatuluka motsitsa, ndipo ine ndinayenera kuwabwereza kwa a Naphiri ndi pakamwa panga. Ndinkalira ndikumasulira.

"Palibe," anayankha a Naphiri, maso ali pansi. "Ndinkakuonani mukulira. Kwathu chovala cha malemu timachapa kuti wotsala apume. Ndimayesa ndikukuthandizani. Ndalakwa. Iyi inayi ndinagula kuti ndikunamizeni, koma ndalephera."

Madamu anakoka mpando n'kukhala. Ndinkangodikira mawu akuti longedzani, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza m'mene ndingawanenere m'Chichewa.

"Mukachapa," anafunsa madamu pomaliza, osatiyang'ana, "mumatani nazo?"

"Timagawira abale," anatero a Naphiri. "Azivala. Tiziti tikaona chovalacho chikuyenda pabwalo, tizikumbuka mwini wake."

Liv, amene sankamva chilichonse cha zonsezi, anali atayamba kukoka mkono wa kajuziko, akuloza agwape. Madamu anamuyang'ana, anayang'ana kajuzi, kenako anamukweza manja n'kumuveka. Kanamukwana ndendende, ngati anachita kumuyeza. Madamu anaika chala pa gwape wa miyendo itatu uja pachifuwa cha mwanayo, n'kutulutsa kamawu kamene sindikudziwa ngati kanali kuseka kapena kulira. Yatsopano ija anaikankhira kwa a Naphiri. "Iyi si ya amayi anga. Tengani."

Sikuti zinatha pomwepo ayi. Mlungu wathunthu madamu ankangolankhula nawo zofunika zokha, ndipo a Naphiri ankadzidzimuka chitseko chikangogogoda. Koma mawu akuti longedzani sanabwere. Anagwira ntchito m'nyumbamo zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka Esitere anamaliza sukulu ndi kuyamba ntchito. Juzi ya m'shopu ija ankaivala eyakoni yoziziritsa nyumba ikanyanya, ndipo ine ndinkawaseka kuti ndi munthu yekhayo m'Dubai monse wovala juzi mu Ogasiti. Atabwerera ku Dedza inapeza ntchito yake yeniyeni m'chisanu cha Juni. Pa zithunzi zonse zimene ankanditumizira anali ataivala, itayamba kuthethekera m'zigongono.

A Naphiri anatisiya chaka chatha. Sindinathe kupita ku maliro. Patapita milungu iwiri Esitere anandiimbira.

"Amayi ananena kuti juzi ya agwape ndi ya Tadala. Mawa tikuchapa zovala zawo zonse, ndiye ikauma ndidzapatsira munthu wobwera kumeneko."

"Musachape," ndinatero.

"Mwati chiyani, achemwali?"

"Zinazo chapani. Iyoyo musachape, chonde."

Ndikudziwa kuti Esitere anaona ngati kukulira kunja kwandisokoneza mutu, ndipo mwina azakhali ake anamukalipira. Koma anaitumiza momwemo. Ili ndi fungo la utsi wa nkhuni, mafuta odzola, ndi sopo wa ufa uja chapatali. Ndikudziwa bwino lomwe zimene a Naphiri akanandiuza, atagwira m'chiuno, kuti litsiro silimva kunyengerera. Ili m'pepala la pulasitiki pansi pa wodiropu yanga, ndipo ndimaitsegula mwa apo ndi apo, pang'ono pokha, kuti fungolo lisathawe.