Diso la Kumanzere la Mayi Kunja

Achemwali anga anthu amawadziwa ndi dzina loti Mayi Kunja. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ntchito yawo inali yoima m'mphepete mwa bwalo la tenesi, atawerama pang'ono, manja pamawondo, maso pamzere umodzi woyera. Mpira ukagwera kuseri kwa mzerewo ankakuwa kuti, "Kunja!" n'kutambasula mkono. Ine ndine telala, ndipo ndinkawaseka kuti padziko lonse ndi iwo okha amene amadyera liwu limodzi. Kunyumba n'chimodzimodzi. Galu akalowa kukhitchini, kapena alamu akabwera ndi nsapato zamatope, liwu lake linali lomwelo, mkono womwewo.

Chimene anthu sankadziwa, ngakhale alamuwo, n'chakuti diso la kumanzere la achemwali linali litafa. Linayamba ndi kachifunga, kenako n'kuzimiratu, koma poliyang'ana linali mbee ngati linzake. Ine ndinazindikira tsiku lina atathira tiyi pambali pa kapu, n'kumathirabe. Anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Ukangouza munthu, sindine mkulu wako."

Chaka chilichonse oyang'ana mizere amayezedwa maso. Namwino amakuuza kuti utseke diso limodzi ndi dzanja, uwerenge zilembo zapakhoma. Achemwali akatseka labwinolo ankasiya kampata pakati pa zala n'kumasuzumira. Tinkayeserera m'chipinda changa chosokera, iwo ataima pakhomo, ine n'kumaona ngati kampatako kakuoneka. Choncho m'bodzamo nanenso ndinalimo mpaka m'khosi. Tsiku lililonse la mpikisano ndinkasoka mtima uli m'mwamba, foni ikalira ndinkadzibaya ndi singano.

Koma tsoka silinunkha. Tsikulo ndinali pabwalo pomwepo, chifukwa yunifolomu zawo ndinasoka ndine, ndiye anandipatsa mpando waulere. Mmodzi mwa osewera anali munthu wina wamtali amene onse amamutcha Mphezi, wazaka makumi atatu, bondo lomanga ndi bandeji. Anavutika zaka zambiri osapambana kalikonse kooneka, ndipo tsiku limenelo kunangotsala masewero awiri kuti atenge chikho. Anthu anadzaza mpaka pamasitepe, onse a mbali yake.

Pamene zinthu zinafika pothina, Mphezi anamenya mpira woopsa umene unakagwera pafupi ndi mzere wa achemwali. Bwalo lake ndi lasimenti, mpira susiya chidindo. Achemwali anachedwa pang'ono, kakuchedwa koti ine ndekha ndinakaona, kenako anakuwa kuti, "Kunja!" Mawuwo anatuluka opyapyala, osati amene amathamangitsira galu aja.

Mphezi anapita kukakangana ndi woyimbira amene amakhala pampando wautali, koma sizinamuthandize. Pobwerera anatulutsa mpira wina m'thumba la kabudula n'kuumenya mokwiya, osayang'ana komwe ukupita. Mpirawo sunali wothamanga kwenikweni. Bambo amene anaima pafupi ndi achemwali anauona n'kuwerama kalekale. Koma unkachokera kumanzere. Achemwali anangoima chilili, manja kumbuyo monga mwa lamulo sewero likaima kaye, mpaka unawapeza patsaya, n'kugwa pansi khu!

Mkulu wa mpikisano anatsika ndi kawailesi kake m'manja. Lamulo lake ndi losavuta: wosewera akamenya mpira mwaukali n'kuvulaza munthu, amachotsedwa mumpikisano pomwepo, kaya anachita dala kaya ayi. Mphezi anagwada, anapepesa, analira ngati mwana, koma anamuuza kuti anyamule chikwama chake. Anthu anayamba kukuwiza ndi kuponya mabotolo.

Ine maso anga sanali pa Mphezi. Anali pa dokotala amene ankabwera ndi katochi kounikira m'maso. Achemwali nawo anamuona, anaphimba nkhope ndi manja onse awiri n'kumakuwa kuti, "Ndili bwino, musandigwire!" Ndinadumpha mipando, ndinaponda mapazi a anthu, n'kukawatulutsa kudzera kuchipata chakumbuyo dokotalayo asanawafike.

Masiku atatu otsatira sitinatsegule makatani. Kanema wake anali pafoni ya aliyense, ena atamuchedwetsa kuti azioneka pang'onopang'ono, ndipo funso linali limodzi: bwanji mayiyu sanazinde? Ena ankati anachita dala, ena ankati anatumidwa. Wina anadzalemba mawu otukwana pageti ndi makala.

Alamu, amene tenesi amangoidziwira pa wailesi yakanema, ndiwo anali loya wa Mphezi m'nyumba momwemo.

"Tinene zoona, lamulo limeneli ndi lankhanza," ankatero. "Munthu sanafune. Zaka zonse zija zithere pa kampira kamodzi? Akanangomudzudzula basi."

"Alamu, bwerani panja ndikumenyeni nako kampirako, ndisanafune," ndinawayankha. "Anthuwa amaima manja kumbuyo, saloledwa kuthawa, saloledwa kuyankha akatukwanidwa. Lamulo likapanda kuwateteza, awateteza ndani? Kapena mukufuna wina athudzuke diso kaye?"

Nditangotchula diso ndinadziluma lilime. Achemwali anadzuka n'kulowa kuchipinda, ine n'kuwatsatira. Anakhala pabedi, tsaya lotupa, akupinda ndi kutambasulanso mpango.

"Mng'ono wanga, mpira woyamba uja sindinauone pogwa," anatero motsitsa. "Ndinangomva kulira kwake, n'kuganiza."

"Ngakhale ukanakhala m'kati, ndiye chilolezo chomenyera anthu chimenecho?"

"Ayi. Koma ndikanapanda kuganizira, akanapsa mtima?"

Ndimakhulupirirabe mpaka lero kuti anachita bwino kumuchotsa, koma kuyambira tsiku limenelo ndimazinena ndi mawu apansi.

M'mawa wa tsiku lachinayi galimoto inaima pageti. Ndinasuzumira pakatani: anali Mphezi, ali ndi amayi ake okalamba oyendera ndodo. Ndinati tisatsegule, koma alamu anali atatsegula kale, akumwetulira ngati kwabwera abusa.

Mayi okalambawo anakhala pampando woyang'anizana ndi achemwali. Mphezi anakhala pasofa, pambali pawo, kumanzere. Ndinafuna kumusamutsa, koma ndikanapereka chifukwa chanji?

"Amayi, tabwera kudzapepesa," anayamba motero okalambawo. "Mwanayu walakwa, ndipo sitikutsutsa. Koma mawa akukhala pansi akuluakulu, akuti akhoza kumuimitsa miyezi isanu ndi umodzi. Ndi bondo lakeli, akaima basi watha. Mukanatilembera kakalata koti mwamukhululukira, mwina angamumvere chisoni."

Achemwali ankamvetsera, maso ali pa mayiwo. Mphezi anatambasula dzanja lake lamanja, lamanzere litagwira pachigongono mwaulemu, kuti awapatse moni wopepesa. Dzanjalo linakhala m'malere. Achemwali anapitiriza kugwedezera mutu mayi aja, osadziwa kanthu. Ndinatsokomola, ndinagwetsa supuni dala, koma sizinathandize.

Poyamba Mphezi anagwetsa nkhope, poganiza kuti amukanira. Kenako anawayang'anitsitsa. Anakweza dzanja lija pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi tsaya lotupalo, n'kugwedeza zala. Chikope cha achemwali sichinaphethire n'komwe. Alamu anasiya kumwetulira.

"Amayi," anatero Mphezi.

Achemwali anadzidzimuka, anatembenuza mutu wonse kuti amupeze ndi diso labwino, n'kuona zala zili pafupi ndi nkhope yawo. Ndinkangodikira kuti munthu wamtaliyo aimirira, agubuduza tebulo, atulutsa foni n'kuuza dziko lonse.

"Mpira wapamzere uja munauona?" anafunsa Mphezi.

"Sindinauone, bambo."

"Kuyambira liti?" Amene anafunsa zimenezi anali alamu, ataima pakhomo la kukhitchini.

"Zaka zitatu."

Mphezi anayang'ana dzanja lake. Kenako anati, "Komabe ndinakumenyani. Ine sindiuza munthu."

Mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndinatsala pang'ono kumugwadira. Koma achemwali anapukusa mutu.

"Kalata sindilemba, ndikanena zonse ndekha pamaso pa akuluakuluwo," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mng'ono wanga, undisitire yunifolomu, uipinde bwino. Mawa ndikukaibweza."