Nsomba Yotemera ya Anti Jesi

Ndinali ndi zaka khumi, Chichewa changa chili chongokwanira kupempha madzi ndi kumva ndikamakalipiridwa. Sabata ina kusukulu ku Smethwick, kudziko la azungu kumene tinkakhala, anatiphunzitsa za nsomba zoweta m'makola a m'nyanja ku Scotland. Anationetsa zithunzi za salimoni ya zilonda zofiira pamimba, zobwera ndi mabakiteriya. Anati alimi amazibaya katemera zikadali zazing'ono, ndipo zikadwala amathira mankhwala m'chakudya chawo. Nzeru zimenezi zinkandiyabwa pakamwa.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinakadya kwa Anti Jesi ku Nechells. Anali atangokwatiwa ndi bambo wina wa mumpingo mwathu amene anasiya mkazi ku Zomba, ndipo manesi anzawo a amayi anga ankanong'onezana kuti bamboyo anadyetsedwa kondaine. Ine zimenezo sindinkazidziwa. Anti anaitana azimayi onsewo poganiza kuti mwina akadya nawo, awalandira. Anakazinga salimoni, nyumba yonse kununkhira adyo ndi ndimu.

Anthu atasamba m'manja, ndinafuna kuonetsa kuti nanenso Chichewa ndimachitha.

"Nsomba iyi ndi yotemera," ndinatero mokweza. "Amathiramo mankhwala."

Mayi Phiri, amene ankatsogolera kwaya, anabwezera m'mbale chidutswa chimene chinali chitafika kale pakamwa.

"Wakuuza ndani, mwana iwe?"

"Ndinaona ndekha," ndinayankha monyada. Ndinkanena zithunzi zija.

Amayi ananditsina pantchafu. "Akunena za vaccine uyu, zakusukulu. Iwe, nena m'Chizungu!"

Ndinafotokoza zonse m'Chingerezi, ndipo manesi aja anaseka. "Ooh, ma antibiotics!" Koma anadya mpunga ndi kabichi basi. Anti Jesi anatenga nsomba ya m'mbale yanga n'kuyamba kudya ali chiimire, pang'onopang'ono.

M'galimoto amayi anandiuza kuti katemera amabaya kuchipatala, pamene kutemera n'kwa asing'anga, kwa lumo ndi mankhwala akuda. Ndinachita manyazi oopsa, ndinalira njira yonse. Lamlungu lotsatira anandituma kukapepesa. Ndinagwada pakhomo la tchalitchi, anzanga akuonerera.

"Dzuka, mwanawe," anatero Anti. "Iwe unangowabwereka pakamwa."

Nthawi imeneyo sindinamve. Lero ndikudziwa kuti patebulo paja panalibe munthu wosadziwa katemera, poti onsewo ankabaya anthu jakisoni tsiku ndi tsiku. Zimene ankafuna kukhulupirira anabwera nazo kale, ine n'kuwanenera poyera. Manyazi ake sanandichoke, ndipo mawu amene ndangowatola sindithamangira kuwaponya pagulu.

Anti Jesi sanasiye kubwera ku zochitika za mpingo. Koma kuyambira tsiku lija, anzawo akamatsitsa mapoto, iwo amabweretsa zakumwa za m'mabotolo zokha, zosatsekula.