Chulu cha Laini Yathu ku Kawama

Kuseri kwa nyumba zathu ku Kawama, komboni ya ku Ndola, kunali chulu. Chinali chachitali kuposa denga, ndipo pamwamba pake panamera nsungwi. Nyumba sikisi zinachizungulira. Palibe amene ankati n'chake. Mvula ikagwa chinkatulutsa inswa, laini yonse n'kudya.

Ine ndinkadana nacho, chifukwa cha khitchini.

Ndinafika ku Ndola kuchokera kwathu kummawa ufulu utangobwera. Ndinapeza ntchito yonyamula matumba m'nyumba yosungiramo katundu ku Indasitiriyo. Masiku amenewo kopa ya m'migodi inkayenda malonda, malole sankapuma, ndipo munthu wa mapewa sankasowa ntchito. Nditakwatira ndinamangira mkazi wanga khitchini ya mitengo ndi malata akale. Ndinamanga ndekha. Miyezi inayi isanathe, chiswe chinali chitadya nsanamira zonse. Ukagogoda mtengo, unkalira ngati ng'oma.

"Chulu icho ndichipha," ndinauza mkazi wanga. Nthawiyo anali ndi pakati, masiku atayandikira.

"Muphe cha ndani? Munachigula?"

"Chikudya khitchini yanga."

"Mumange ina. Inswa za chaka chino ndazilota kale. Si ine ndikuzifuna, ndi uyu." Analoza mimba.

Koma ine mtima ndinali nditamanga.

Ku ntchito kunkabwera matumba a mankhwala ophera tizilombo m'mafamu. Unali ufa woyera, wosalala. Tsiku lina thumba linang'ambika potsitsa. Posesa ndinawola wina n'kudzaza m'chitini cha mkaka chopanda pepala. Sindinapemphe munthu. Zolembedwa pa thumba sindinawerenge, Chizungu changa chinathera mu Sitandade 4. Anzanga anati ndiboole chulu pamwamba, ndithire ufawo, nditsanulire madzi, nkhani ithe. Ndinafika nacho kunyumba Lachinayi, n'kuchibisa pa thandala la m'khitchini, pakati pa zitini za mkazi wanga. Zonse zinali zofanana. Ndinati ndithira Loweruka anthu akapita kumsika.

Lachisanu m'mawa mkazi wanga anayamba kumva m'mimba. Tinathamangira ku kiliniki. Masana kunabadwa mwana wamkazi. Za chulu ndinaiwala.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala kalipentala wachibemba, wamfupi, wa pakamwa posatseka. Ife akummawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Timanyozana, ndipo palibe wokwiya. Iye ankanditcha wodya mbewa, ine ndinkamutcha wodya anyani. Pamaliro, paukwati, kapena mwayi ukakugwera, mbuya wako amakupaka ufa kumutu ndi kumaso, ndipo iwe umangoima. Kukana n'kuchititsa manyazi mtundu wako wonse.

Lamlungu titatuluka ku Misa ndinakatenga mayi ndi mwana. Laini yonse inasonkhana pabwalo pathu. Amayi anabweretsa munkoyo, thobwa la kuno, m'ndowa. Wina anaika wailesi pa windo. Mkazi wanga anakhala pamphasa pakhomo, khanda lili m'manja, kuti anthu alione pataliko.

Mbuya wanga anafika akukuwa ali kutali.

"Mbewa yabala! Laini yonse, bisani chimanga!"

"Iwe nyani, wakupatsa tchuthi ndani kuthengo?" ndinamubwezera.

Anthu anaseka. Iye analowa m'khitchini mwanga ngati mwake, monga amachitira a chimbuya. Ine ndinali kupereka moni kwa akuluakulu a ku tchalitchi, sindinaone chimene anatuluka nacho. Ndinangomva ufa ukukhuthukira pamutu. Anandipaka kumaso, m'makutu, mpaka m'kolala ya malaya anga a Misa. Amayi analuluta. Ndinaima njo, ndikuseka.

Kenako ndinamva fungo. Silinali la chimanga. Milomo inayamba kuchita dzanzi. Ndinapukuta diso limodzi, ndipo ndinaona chitini chija m'manja mwake.

Anali atatapanso dzanja lodzaza, akulunjika pamphasa.

"Manje nyina wa mbewa!" anatero. "Ndi kambewa komwe tikadalitse!"

Ine si munthu wothamanga. Koma tsiku limenelo ndinadumpha ndowa ya munkoyo, ndinamugwira m'chiuno, tonse tinakagwera m'ngalande. Chitini chinagubuduka. Anthu anaombera m'manja, ankayesa masewera.

"Wakummawa wakwiya!"

"Mbuya samenyedwa, iwe!"

"Poizoni!" ndinakuwa. "Si ufa! Ndi poizoni!"

Wina anatseka wailesi. Mkazi wanga anafunda mwana n'kulowa m'nyumba. Mbuya wanga anayang'ana manja ake oyera.

Amayi ndiwo anachita changu. Anatikokera ku mpopi, anativula malaya ndi mabuluku, anatithira ndowa pa ndowa. Sopo wa nyumba zitatu anathera pa ife. Amuna awiri a ndevu, m'makabudula amkati, Lamlungu masana, pamaso pa anthu a tchalitchi. Wina anayamba kuseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Poizoni umasunga m'khitchini?" anandifunsa mbuya wanga, madzi akutsika m'mphuno. "Kwanu mumathira m'ndiwo?"

"Inali ya chulu."

"Chulu chathu?"

Amayi onse anamva.

Ku kiliniki namwino anatitsuka m'maso. Anandikumbukira, popeza m'mawa womwewo ndinatuluka ndi khanda. Anandikalipira ngati mwana wa sukulu, ndipo ndinalandira. Mutu unandipweteka masiku awiri. Mbuya wanga anasanza kamodzi, manja anamuyabwa mlungu wonse. Nkhuku ina inajompha pamene chitini chinagwera tisanapale dothilo. Inafa madzulo omwewo, ndipo tinaikwirira mozama osaidya.

Mkazi wanga sanakuwe. Anangonena akuyamwitsa.

"Chitini chanu chinali pafupi ndi cha ufa wa phala langa. Ndipo mukanathira m'chulu, mvula ikanagwa, tikanakazinga inswa nyumba sikisi."

"Ndamva."

"Mwamva ndi makutu kapena ndi maso ofiirawo?"

Lolemba ndinabweza chitini kwa kapitawo wa ku ntchito, pamodzi ndi dothi lomwe tinapala. Nayenso ananditukwana, n'kuzitsekera m'chipinda cha mankhwala.

Chiswe chinali chikudyabe khitchini. Loweruka mbuya wanga anabwera ndi sowo, nkhwangwa ndi mitengo inayi ya mubanga pa wilibala.

"Choka apo," anatero. "Munthu womanga ndi mitengo yofewa pafupi ndi chulu, ndiye kuti waitana alendo n'kuwaphikira. Uwu chiswe chikaluma, mano amathyoka."

Tinagwetsa nsanamira zakale. Iye anasonkha moto n'kuwaula matsinde a mitengo yatsopano mpaka anada bii. M'dzenje lililonse anaika mwala pansi, kenako anandituma kukapempha phulusa nyumba zonse sikisi. Ndinayenda khomo ndi khomo, beseni lili m'manja. Pakhomo lililonse anandifunsa ngati ndadzera phulusa kapena ndabwera kudzawathira mankhwala. Ndinangoti phulusa.

"Za phulusa funsa M'bemba," anatero akutsendera m'maenje. "Ife timalima nalo. Inu mumangodziwa kukumba mauna a mbewa."

"Mumatentha nkhalango kuti anyani agwe msanga."

"Gwira mtengo bwino, ukupendama ngati nzeru zako."

Ananditsiriza ndi lamulo. M'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito ndizizungulira khitchini, ndikaona kanjira ka dothi pa mtengo ndizikakolopola, nkhuku zizidya zotulukamo. Phulusa ndiziwonjezera likakokoloka. Inali ntchito yotopetsa kuposa kuthira chitini chimodzi. Ndinaigwira. Nkhuku zinazolowera mpaka zinkandidikira pakhomo sikisi koloko.

Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri n'kutsatira. Amayi anapala mbali imodzi ya chulu, anafundapo udzu, n'kukwirira mphika m'munsi mwake. Loweruka lina kunagwa yamphamvu masana, n'kukata dzuwa lili pafupi kulowa. Ndinamva mfuu kuseri. Inswa zinali kutuluka ngati utsi. Mphika unadzaza, anthu anathamangira mabeseni, zipewa, ngakhale nsapato. Ine ndinagwira ndi chisoti cha ku ntchito. Mkazi wanga anaima pakhomo ndi mwana kumsana akundilamula kumene zachuluka.

Mawa lake linali tsiku la ubatizo wa mwanayo. Inswa anazikazinga m'khitchini yanga, nsanamira zili chilili. Mkazi wanga anadya mbale ziwiri asanagawire munthu.

Tili mkati mwa kudya, mbuya wanga anatulukira ndi mbale ya ufa wochokera kunyumba kwake. Anaima pakati pa bwalo, anatapa pang'ono, ananunkhiza, n'kunyambita pamaso pa onse.

"Mwaona? Chimanga. Tsopano ima bwino, wodya mbewa iwe."

Ndinaima. Anandipaka mpaka m'makutu. Kenako anakhala pansi n'kumaliza inswa za m'mbale yanga.