Bowo Lachisanu pa Felemu la Bambo

M'nyumba yathu ya kukomboni ku Zvishavane munali felemu limodzi limene silinkatsika pakhoma. Linali lathabwa lakuda, lolemera, lakale kuposa ine, ndipo mkati mwake munali bambo atavala chipewa cholimba cha mumgodi, maso ali tong'o ngati wojambulayo anawaopseza ndi chikoti. Bambo anamwalira ine ndili kusekondale. Chithunzicho chinatsala pamwamba pa kabati, kutiyang'ana tikudya, tikukangana, tikugwada.

Amayi anali ndi mwambo wawo. Mwana akachoka pakhomo kupita kutali, ankamupempha kachithunzi kakang'ono, kaja ka pasipoti, n'kukalowetsa m'mphepete mwa felemu, pakati pa thabwa ndi galasi. Ankati popemphera m'mawa amafuna kuona nkhope, chifukwa Mulungu mayina amawadziwa koma iwo mutu wayamba kusakaniza ana. Anayamba ndi achimwene aakulu atapita ku Joni. Kenako achemwali atakwatiwa ku Ascot, ku Gweru, kenako achimwene ena atapeza ntchito ku Munyati. Pomaliza ngakhale chitsirizira chathu, kamwana kamene ndinakabereka kumbuyo ine, kanawoloka mtsinje wa Limpopo. Ngodya zonse zinayi zinadzaza.

Ine munalibe. Munthu amene amakutenthetsera madzi osamba tsiku ndi tsiku sumufunira chithunzi.

Palibe msonkhano umene unakhala kuti ine ndiye nditsale. Aliyense pochoka ankandigwira paphewa n'kunena kuti, "Yamba wakhala kaye ndi amayi, ndikakhazikika ndidzakutenga." Anakhazikika onse, ena mpaka ananenepa, koma wonditenga sanaoneke. Amayi miyendo inali itayamba kutupa, shuga nayenso anali atalowa. Achemwali anayesa kuwatengera ku Gweru, koma anakana kwamtuwagalu. Ankati nyumba imene maliro a mwamuna wawo anagonamo sangaisiyire anthu ena, ndiponso ukangokhoma chitseko mwezi umodzi umapeza mwalowa eni ake atsopano. Kaya zinali zoona kaya ayi, ine sindinakhalepo ndi mpata woyesa.

Za mafelemu ndinaziyamba chifukwa chosowa chochita. Mgodi wa asibesitosi utazilala, anthu ambiri m'komboni ankasamuka, ndipo posamukapo ankachotsa zithunzi n'kutaya mafelemu, poti galasi pa kombi, minibasi yakuno, silifika lathunthu. Ine ndinkatola. Penti wakale ndinkamupala ndi chidutswa cha botolo losweka, chimene chimapala bwino kuposa sandipepa ngati dzanja lili lofatsa. M'ming'alu ndinkamata utuchi wosakaniza ndi guluu. Tizilombo toboola thabwa ndinkatithira parafini. Thabwa likatumbuluka ndinkalipaka tiyi wofulula kwambiri, likauma n'kulipukuta ndi polishi wa nsapato mpaka lizinyezimira. Ena owonongeka kwambiri ndinkawakuta ndi tizidutswa ta chitenje, chimene kuno timati zambiya, n'kumatapo mabatani kapena kuzunguliza chingwe cha khonje. Akazi a anthu ogwira ntchito kumgodi watsopano wa pulatinamu ankawakonda, ankati ndili ndi luso. Luso lanji? Ndinkangopatsa manja ntchito kuti ndisatsine munthu.

Ndiye kunabwera mayi wina wochokera ku Malawi, wa geni yodumpha malire, amene ankagona kwa oyandikana nafe akamadutsa ndi katundu wake. Tsiku loyamba anaseka Chichewa changa mpaka kugwira nthiti, ati chikununkha Chishona. Ndinamuuza kuti chake chikununkha usipa, ndipo chinansi chinayambira pompo. Ataona mafelemu anga anatenga limodzi n'kumalitembenuza uku ndi uku.

"Achemwali, manja awa mukuwaoletsa pano," anatero. "Ine ndikufuna mnzanga woyenda naye. Tengani pasipoti, tizikagulitsa ku Joni."

Ndinaseka, koma mawuwo anandilowa ngati minga. Ndinakajambulitsa mwakachetechete, pasipoti n'kutuluka patapita miyezi. Ndinalankhula ndi mayi wina wamasiye wa kutchalitchi kwathu, munthu waukhondo, amene anavomera kudzakhala ndi amayi ndi kumawapatsa mankhwala. Mnzanga wa ku Malawi uja anati adzadutsa Loweruka lomaliza la mwezi, tidzakwere limodzi kombi ya m'mawa ya ku Gweru. Zonse zinali m'malo. Chimene chinatsala chinali kuuza amayi basi.

Apa mpamene ndinadziwa kuti pakamwa panga n'pachabe. Ine ndine munthu woti kondakitala wa kombi akandiponda phazi amapepesa m'zilankhulo zitatu. Koma ndikakhala pansi kuti ndiyambe nkhani ndi amayi, ndinkangozengereza. Ndinkati ndiwauza tikatha kudya, ndiwauza akamwa mankhwala, ndiwauza mawa. Masiku ankatha, ine ndikungosisita miyendo yawo ndi mafuta, mtima ukuwira.

Sabata yomaliza ija, kachithunzi ka chitsirizira chathu kanapotoka ndi dzuwa n'kugwera kuseri kwa kabati. Amayi anatekeseka, ati ndi malodza, mwana wadwala ku Joni. Tinamuimbira foni, tinapeza ali bwinobwino, akutafuna chinachake. Komabe amayi sanakhazikike.

"Iwe umakongoletsa za anthu, felemu la atate ako likuola uli pompano," anatero. "Litsitse, ulikonze. Ana anga asamangolendewera m'mphepete ngati ziphaso za kuchipatala."

Kanali koyamba kuti alole felemulo kutsika. Pakhoma panatsala chigamba choyera, chooneka kuti penti wa nyumbayo poyamba anali wotani. Ndinazula timisomali ta kumbuyo tadzimbiri, ndinatsuka galasi ndi madzi a viniga, ndinapala thabwa mpaka fungo lake linabwerera. Amayi anatsegula sutikesi yawo n'kutulutsa chitenje chakale cha maluwa ofiira, chimene bambo anawagulira ulendo wawo womaliza wa kumudzi ku Malawi. Anati ndidule, chakhalitsa mumdima.

Ndinaganiza zotenga katoni yolimba, kuikuta ndi chitenjecho, n'kuboola bowo lalikulu pakati la bambo ndi timabowo ting'onoting'ono m'mbali ta ana, kuti aliyense akhale ndi malo ake mkati mwa galasi. Ndinajambula ndi pensulo, ndinadula ndi lumo. Mabowo a ana anakwana anayi. Ndinayang'ana katoni ija nthawi yaitali, kenako ndinaika lumo pansi pa malo a bambo, pakatikati, n'kudula lachisanu.

Ndinaona kuti ndapeza njira. Pakamwa pakakanika, katoni ilankhule. Lachisanu m'mawa ndinapinda nsalu bwinobwino m'mabowo monse, ndinamata zithunzi za abale anga anayi, ndipo bowo latsopanolo ndinalisiya lopanda kanthu. Pambali pake, patebulo, ndinaika kachithunzi kanga ka pasipoti nkhope ili m'mwamba. Ndinauza amayi kuti ndikupita kumsika, guluu akufunika aume kaye ndisanaike galasi. Ndinapitadi, ndinazungulira msika wonse osagula kanthu, ndinakhala pamwala pafupi ndi pokwerera makombi kuonerera anthu akukweza katundu. Ndinali ndi mantha, komanso, ndisaname, ndinali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse limene ndikulikumbukira.

Nditabwerera masana ndinapeza amayi ali patebulo, magalasi ali pamphuno, zala zitamatana ndi guluu. Sizasi inali pamiyendo pawo. Anali atadula kachidutswa ka chitenje chotsala chija n'kukamata kumbuyo kwa bowo lachisanu. Sanangomata chisawawa ayi. Anafunafuna mpaka duwa linakumana ndi duwa linzake, tsamba ndi tsamba, ndi manja amene kapu ya tiyi inkawavuta kunyamula. Pansi panali tizidutswa tambiri timene anayesa n'kutaya. Kachithunzi kanga panalibe patebulo. Ndinadzakapeza pambuyo pake pa pilo wanga.

"Unadula mopitiriza, mwanawe," anatero osandiyang'ana. "Ana opita ndi anayi. Ndatseka, mungalowe fumbi."

"Amayi, sindinalakwitse."

"Ndikudziwa. Maso anga sanafe."

Ndinaima pakhomo ndi kachikwama kanga kopanda kanthu. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ndinawauza za mayi wamasiye uja, kuti ndakonza zonse, kuti ndizibwera mwezi ndi mwezi. Ndinawafunsa kuti ine ndinalakwa chiyani kuti ena onse adalitsidwe pochoka, ine ndekha ndikhale mlonda. Ndinalankhula mawu ambiri, ena oti sindingawabwereze. Iwo ankangochotsa guluu pazala, pang'onopang'ono.

Nditatopa amayi anati, "Onse ananena kuti azibwera." Kenako anandiyang'ana. "Ndikudziwa kuti ndikukudyera moyo, mwana wanga. Usaganize kuti sindiona. Koma ndikuopa kufera m'manja mwa mlendo. Ndikuopa basi."

Akanandikalipira ndikanapita. Akanandiopseza ndi matemberero, ndikanalongedza pamaso pawo, ndipo pakhomo ndikanamenyetsa chitseko. Koma munthu amene wavomera yekha kuti akukulakwira, n'kumapitirizabe kukugwira dzanja, umamuyankha chiyani? Ndinalowa kuchipinda n'kukhala pabedi mpaka nthawi ya mankhwala awo itakwana.

Loweruka m'mawa mnzanga uja anagogoda pazenera, chikwama chachikulu chili pamutu. Ndinatuluka ndi chitenje cha m'nyumba, ndipo iye atangondiona sanafunse zambiri.

"Mwezi wa mawa, achemwali?"

"Pitani bwino," ndinatero.

Anadutsanso kangapo miyezi yotsatira, kenako anasintha njira, anapeza woyenda naye wina. Sindimudandaula. Geni sidikira munthu.

Loweruka lomwe lija ndinaika galasi, ndinakhomera timisomali tatsopano kumbuyo, ndinamata pepala m'mphepete monse, ndipo ndinakwera pampando n'kulipachika pa msomali wake wakale. Amayi ankandiuza ali pansi kuti lapendekera kumanzere, ayi tsopano kumanja, bwerera pang'ono. Ndinatsatira zonse mpaka anakhutira.

Papita zaka. Ndikadali m'nyumba yomweyo, ndikupalabe matabwa ndi botolo losweka, ndipo amayi akadali moyo. Ndimawakonda, ndipo masiku ena ndimalephera kuwayang'ana kumaso, zonse ziwiri n'zoona. Chigamba chawo chija chinagwira bwino moti munthu wosadziwa sangachione. Alendo akabwera amaima pansi pa felemulo kusirira, amafunsa kuti ntchito yokongola chonchi anagwira ndani. Amayi amayankha monyadira kuti tinakonza tonse awiri.