Gwape wa m'galasi

Dzulo ku miziyamu, pa chionetsero cha nyama zakuthengo, mwana wanga analoza gwape woumika m'galasi. "Ababa, kambuzi aka n'kandani?" Fungo la zikopa zouma m'chipindamo linandibwezera ku esiteti ya tiyi kumene ndinakulira.

Chaka china ndili mwana, eni esitetiyo ankagwetsa nkhalango yotsala m'mbali mwa mtsinje kuti adzalepo tiyi. Bambo anga anatchera msampha wa waya pamene nyama zinkathawira, n'kukola gwape wamkazi. Titamunyamula, kamwana kake kanatuluka m'tiyi n'kumatitsatira mpaka ku komboni.

"Ababa, tikabweze kuthengo," ndinawachonderera.

"Thengo lake liti?" anandiyankha osandiyang'ana.

Iwo akusenda make pansi pa mtengo wa mapeyala, kamwana kaja kankayamwa chala changa, kukoka mwamphamvu, kudikira mkaka.